Air fryer yanga itatha miyezi 7 kukhitchini

Anesi atandiyeza BP n'kuyezanso kachiwiri osayankhula, ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Sikelo inali itanena kale zake: makilogalamu 94, munthu wamfupi ngati ine. Atandifunsa zomwe ndimadya masana sindinabise: tchipisi cha pachiwaya pafupi ndi ofesi, ndi kantchafu ka nkhuku pamwamba, pafupifupi tsiku lililonse. Madzulo nsima ndi nsomba yosambira m'mafuta. Anangoti, "Mayi, mafuta ndi mchere muchepetse, ndipo muziyendako."

Patapita milungu ingapo achemwali anga anabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg atanyamula katoni. M'menemo munali chophikira cha magetsi chotchedwa air fryer: yakuda, ya malita 4, yokhala ndi timabatani tiwiri topotokola: kena ka kutentha, kena ka mphindi.

Vuto loyamba linali pulagi. Ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, pomwe masoketi athu ndi a mano amakona ngati a ku Britain. Ndinagula adaputala yotchipa pamsika, ndipo tsiku lachitatu khitchini yonse inanunkha pulasitiki yopserera. Chinthuchi chimakoka mawati 1,500, si tchaja ya foni ayi. Wamagetsi anadula pulagiyo n'kuikapo yakwathu yokhala ndi fyuzi, ndipo mpaka lero sinavutenso. Ngati yanu ikuchokera kunja, chitani zimenezi musanayatse.

Dzina lake, lomwe limatanthauza chokazingira ndi mpweya, limanamiza, chifukwa sikazinga kwenikweni. Ndi kauvuni kakang'ono: pamwamba pali waya wotentha ndi fani yomwe imazunguza mpweya wamoto mwamphamvu kuzungulira chakudya chomwe chili m'basiketi yobowolabowola. A Philips ndi amene anaitchukitsa ataionetsa ku Berlin mu 2010, ndipo lero makampani ambirimbiri akupanga zawo. Yanga si ya dzina lalikulu, koma kagwiridwe kake ndi komweko.

Ndinayamba ndi tchipisi, poti ndicho chinandifikitsa kuchipatala. Ulendo woyamba ndinadula kachewere wa ku Dedza, n'kudzaza basiketi mpaka pakamwa. Zinatuluka zomvetsa chisoni: zapamwamba zopserera, zapansi zotuwa ndi zosapsa. Mwana wanga wamwamuna analawa kamodzi n'kunena kuti, "Amayi, ichi ndi tchipisi cha odwala." Pano ndinaidziwa njira yake. Ndikadula ndimaviika m'madzi ozizira mphindi 30 mpaka madziwo ayere mbee, ndimatsanula, kenako ndimapukuta bwinobwino ndi kansalu. Kupukutako musakuderere, mbatata yonyowa imangofuka nthunzi n'kufewa. Ndimathira supuni yaing'ono imodzi ya mafuta m'mbale n'kusakaniza ndi manja kuti kachidutswa kalikonse kanyezimire. Basiketi ifike theka basi, madigiri 180, mphindi 20 kapena kuposerako pang'ono, ndipo pakati ndimatulutsa kawiri n'kukhutchumula. Chimatuluka chofiirira, chouma kunja, chofewa m'kati.

Chimafanana ndi cha pachiwaya? Ayi, ndipo amene angakuuzeni kuti n'chimodzimodzi sanadyepo cha pachiwaya chotentha, chothira kabichi ndi tsabola wa kambuzi. Koma chimadyeka, ndipo masamu ake ndi amene anandigonjetsa. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira, kaya ndi a soya kapena a mpendadzuwa, ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya, imene imanenepetsa ikachuluka) pafupifupi 120. Yaing'ono ili ndi 40. Ine ndinkathira mafuta mopendeketsa botolo, osayeza, mpaka nsomba imire.

Pomwe yandikondweretsa zedi ndi pa chambo. Ndimachicheka mizere itatu mbali iliyonse, kupaka adyo wosinja, mandimu ndi kamchere pang'ono, kenako kudzoza timafuta ndi chala. Madigiri 200, mphindi 8 mbali imodzi, kutembenuza, mphindi zina 6 kapena 7 malinga ndi kukula kwake. Khungu limauma mpaka kulira pakamwa, mnofu osauma. Fungo lake limafanana ndi nsomba yowotcha pamakala, kungoti palibe utsi. Chovuta n'choti m'basiketi yanga mumalowa chambo chimodzi chapakatikati, nthawi zina mpaka kudula mchira.

Nkhuku ndiye siifuna mafuta n'komwe. Ntchafu zokhala ndi khungu zimatulutsa mafuta zokha. Tsiku loyamba, nditatulutsa ntchafu zinayi, ndinakweza basiketi n'kupeza pansi pali mafuta achikasu, pafupifupi kudzaza kakapu kakang'ono. Ndinawaitana bambo a kunyumba kuti adzaone. Anayang'ana n'kufunsa ngati sitingathire mu ndiwo zamasamba. Ndinawataya iwo akuona. Ntchafu zimafuna mphindi 25 mpaka 30; muzibaya pafupi ndi fupa, madzi ake atuluke oyera, osati ofiirira.

Zina zinakanikiratu. Zigege zinandiliza: phala la ufa lija linadontha lonse kudutsa m'mabowo, mbatata n'kutsala yamaliseche, ine n'kutha theka la ola ndikutsuka. Chilichonse cha phala lamadzimadzi chimafuna mafuta otentha oti achigwire msanga, mphepo singathe. Mandasi anatuluka ngati mabanzi ouma, ana anangowasiya pambale. Usipa umapsa bwino m'mphindi 5 kapena 6, koma ndi wopepuka, fani imauulutsa, wina n'kukakamira ku waya n'kuyamba kufuka. Chinangwa muyambe mwachiwiritsa. Mbatata ya kholowa ndi mabilinganya zilibe mlandu.

Tsono nayi nkhani imene ogulitsa sanena. Mwezi woyamba sindinatsike ngakhale kilogalamu imodzi. Ndinakwiya, ndinatsala pang'ono kuwaimbira achemwali kuti adzatenge katundu wawo. Nditakhala pansi ndinaona kuti wolakwa ndi ine. Poti chakudya chinali "chopanda mafuta", ndinkadya tchipisi mbale yodzaza, masana ndi madzulo omwe. Ndinatulukiranso kuti imakazinga mtedza bwino kwambiri, madigiri 160, mphindi 10, osaimirira ndi kuvundula, ndiye kabotolo ka mtedza sikankachoka padesiki yanga. Mtedza ndi chakudya chabwino, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta. Ndipo nsima inali yomweyo, mitanda itatu ya ufa woyera, ina ya kukula ngati chibakera cha bambo. Air fryer ilibe nayo ntchito nsima. Imachotsa mafuta pa zinthu zomwe mumamiza m'chiwaya, basi. Sikelo inayamba kugwedezeka nditatsitsa nsima kufika mtanda umodzi ndi theka wa mgaiwa, masamba n'kudzaza theka la mbale, tchipisi kawiri pa mlungu, ndi kutsika minibasi siteji imodzi ndisanafike kunyumba. Lero ndili pa 87. Makinawa athandizapo pondichotsera chilakolako chothamangira kuchiwaya, poti ndikudziwa kuti Lachisanu changa chilipo.

Za magetsi, mayunitsi samatha monga ndinkaopera. Mawati 1,500 kwa mphindi 20 ndi theka la yunitsi, ndipo ikafika pa kutentha komwe mwaika, waya wotentha uja amazima yekha, n'kuyakanso kutentha kukatsika. Siifuna kudikira nthawi yaitali kuti itenthe ngati uvuni yaikulu. Koma magetsi akazima, mwagwa nayo. Kainveta kathu ka sola kamayatsa mababu ndi TV, air fryer sikangainyamule. Kawiri konse ndamalizira nkhuku pambaula itapsa theka, choncho thumba la makala musalitaye.

M'nyumba mwathu tilipo 6, ndipo malita 4 ndi ochepa. Kuphikira onse kumafuna maulendo atatu, ndipo pomwe gulu lachitatu likupsa, loyamba lazizira. Ndikanagula ndekha ndikanatenga ya malita 6 kapena 7. Wokhala yekha kapena awiri, yaing'onoyi ikukwanirani. Imalira ngati fani yapadesiki, osasokosa kwenikweni. Manambala a pakabatani ka kutentha ayamba kale kufufutika, mwina ndi nthunzi ndi manja onyowa, ndiye ndinalemba 180 ndi 200 pakatepi n'kumata. Potsuka musayerekeze sitilo wulu. Mtsikana wondithandiza anakwecha kamodzi ndipo pakona ina utoto wosamatirira uja unachoka. Iviikeni m'madzi ofunda a sopo, mutsuke ndi siponji yofewa.

Botolo la malita 2 la mafuta, lomwe linkatha m'milungu itatu, pano likufika miyezi iwiri. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene amagula mafuta akudziwa tanthauzo la zimenezi.

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Nkhotakota anakana kuti nsomba ingapse ndi mphepo, ati zimenezo n'zachibwana, iwo anakulira kunyanja. Ndinawaikira chambo pambale osawauza kuti chachokera kuti. Anadya mpaka mutu, kutsopa maso omwe, kenako anafunsa kuti makala abwino chonchi ndimagula kwa ndani.