Gulu la majowajowa a m'mawa: zomwe ndaona kuchokera mu June mpaka dzinja lino

Ndinalowa gulu la masewera olimbitsa thupi mu June chisanu chili pachimake, ndipo pano tili mu February, mvula ikugwa mosalekeza. Anzanga a kuntchito ndi a kumpingo akhala akundifunsa ngati ndalama yomwe ndimalipira mwezi ndi mwezi ili ndi phindu, poti masewera omwewo ali mbwee pa YouTube, aulere. Phindu lilipo ndithu, ndipo ndalipiranso mwezi uno. Koma amene akufuna kuti mimba iphwe m'masabata ochepa akhumudwa, ndiponso pali zina m'gulumu zomwe sizindisangalatsa mpaka lero.

Timakumana pabwalo la sukulu ina kuno ku Lilongwe Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 6 koloko. Loweruka ofuna amathamanga mumsewu. A kochi amabwera ndi sipika yawo ya batire, ife aliyense ndi kamphasa kake ndi botolo la madzi. Timayamba ndi kutenthetsa thupi, kenako aerobics motsatira nyimbo, kenako ma squat, ma push-up ndi plank, pomaliza kudziwongola. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera opumitsa wefuwefu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso olimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Maola atatu athu ndi mphindi 180, choncho amene sajomba amakwanitsa muyezowu ngakhale Loweruka atagona.

Chomwe chinandipititsa kumeneko ndi BP. Ndili ndi zaka za m'ma 40, ndimagwira ntchito ya pa desiki, ndipo kuchipatala anandipeza ndi manambala opitirira 140 pa 90, omwe ndi malire amene madokotala amati magazi akuthamanga kwambiri. Si ine ndekha. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vutoli, ndipo ochuluka sankadziwa n'komwe. Pano manambala anga atsika, ndimagona bwino, ndipo masitepe a kuofesi ndimakwera ndikuyankhula ndi mnzanga osaima panjira. Mankhwala ndikumwabe. Izi ndikuzinena dala chifukwa ndamvapo anthu m'gulu mwathu momwemo akunena kuti ukayamba majowajowa mapiritsi ungotaya. Chonde musatero. Wosintha mankhwala ndi dokotala amene amakuyezani, osati a kochi, osatinso mnzanu wa pa WhatsApp.

Za sikelo ndinene mosabisa. Miyezi yoyambirira sinasunthe kwenikweni, ngakhale masiketi anayamba kukhwepa m'chiuno. Inadzasuntha nditachepetsa nsima ya madzulo, shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera. Pageti la sukuluyo pamakhala mayi wogulitsa mandasi otentha, ndipo 6 koloko ikakwana, anthu amene angotuluka kumene thukuta amaima pamzere. Ola limodzi lodumphadumpha silingafafanize zomwe munthu amadya maola ena onse a tsiku. Mchere nawo ndinauchepetsa, poti WHO imati usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi osadzaza bwino, kuphatikizapo umene uli kale mu buledi, mu soseji ndi mu timakyubu tokometsera ndiwo.

Koma chenicheni chomwe ndimalipirira ndi anthu. Squat ndimaidziwa tsopano, ndikhoza kuichita pabalaza panga. Chomwe pabalaza palibe ndi munthu woti aone kuti lero sindinabwere. Mu July, kunja kukadali mdima bii, mphepo ikuluma zala, palibe vidiyo imene ikanandichotsa m'bulangete. Amene ankandichotsa ndi mayi wina wa mumzere mwathu, wamkulu kwa ine, amene amagogoda pageti ndi kiyi wake katatu n'kuima phee. Podziwa kuti munthu wamkulu waima panja pamphepo chifukwa cha ine, ndimadzuka. Timayenda limodzi, tochi ya foni ili m'manja, chitenje pamwamba pa leggings mpaka tikafike pabwalo, chifukwa mayi aliyense akudziwa mawu amene amachokera pasiteji ya akabaza. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo nthawi imeneyo ya m'bandakucha sindingalangize mayi aliyense kuyenda yekha.

Ukajomba kawiri motsatizana, pagulu la WhatsApp pamabwera uthenga: "Amayi, kwagwanji? Sitikukuonani." Ena zimawakwiyitsa, ine zimandithandiza. Mu October kunagwa maliro kwathu ku Ntcheu ndipo ndinasowa kwa kanthawi. Nditabwerako thupi linali lolemera, mtima kulibe, ndipo ndikudziwa kuti ndikanakhala wochita ndekha nkhani ikanathera pomwepo. Loweruka lina anzanga a m'gulu atamaliza kuthamanga anabwera kunyumba, akadali m'zovala zawo zamasewera, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anakhala pakhonde, anapepesa, anapereka kachipepeso kamene anasonkha, wina anapemphera. Za masewera sanatchule ngakhale kamodzi. Potsanzika a kochi anangoti, "Mukapeza mphamvu, mayi, malo anu alipo." Lolemba lotsatira ndinapita.

Tsopano zomwe sizili bwino, ndipo zina ndi zazikulu.

Gulu lathu lili ndi liwiro limodzi kwa aliyense. Mnyamata wa ku koleji ndi bambo wopuma pantchito amalamulidwa kudumpha chimodzimodzi, nyimbo ikathamanga onse athamange. Watsopano akabwera safunsidwa ngati ali ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la bondo, amangolembedwa dzina m'kope n'kuuzidwa kuti aime kumbuyo. Ndinaona bambo wina wathupi ndithu, tsiku lake loyamba, akuyesetsa kufanana ndi achinyamata a kutsogolo pamene a kochi akukuwa kuti "Palibe kupuma! Madala, kwezani bondo!" Nkhope inasintha, anagwira mpanda, anakhala pansi. Sanabwerenso. Zinandipweteka, chifukwa munthu ngati ameneyo ndi amene amafunika gululi kuposa tonsefe, ndipo chimene chinamuthamangitsa ndi manyazi. Mphamvu ya gulu yomwe imandidzutsa ine m'mawa ndi yomweyonso imakankha munthu kupyola pamene thupi lake lingathe. A kochi athu ndi munthu wachikondi komanso sachedwa, koma pa ichi akulakwitsa, ndipo ndinawauza pamaso. Wofuna kulowa gulu lililonse ayambe wakayezetsa BP ndi shuga, ndipo akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo aime pomwepo, kaya anzake akuyang'ana.

Chachiwiri ndi malonda. Pagulu la WhatsApp pamadzaza otsatsa tiyi wochepetsa thupi ndi malamba omanga pamimba, ena mpaka amavala mapepala a pulasitiki mkati mwa malaya kuti atuluke thukuta lambiri. Thukuta ndi madzi, si mafuta, ukamwa madzi kulemera kuja kumabwerera, ndipo m'kutentha kwa October zimenezo zikhoza kukomola munthu. Ndikanakonda a kochi akanaletsa poyera m'malo mongoyang'ana kumbali. Palinso khalidwe lojambula anthu akuchita masewera n'kuika pa Facebook osapempha. Tinadandaula, linachepa, koma silinatheretu.

Mvula nayo yatisokoneza. Bwalo la udzu likachita matope timasamukira pa simenti ya bwalo la netball, ndipo kudumpha pa simenti mawondo amadandaula. Apa m'pamene ndinaona kufunika kwa nsapato. Zanga ndinagula pa kaunjika ku msika wa Tsoka, ndipo zikugwirabe ntchito. Pogula muzipinda nsapatoyo ndi kudina pansi pake ndi chala, chifukwa zina zimaoneka zatsopano pamwamba pamene mphira wa pansi unafa kalekale. Mu December ndi January anthu anachepa kwambiri, ena zikondwerero, ena fizi ndi feteleza zinadya ndalama, ndipo masiku ena tinkangokhala anthu owerengeka pansi pa khonde la kalasi. Mtengo unakweranso kamodzi popanda kutichenjeza, zomwe sizinali bwino.

Kwa amene amatha kudzilamula yekha, amene akati mawa ndithamanga amathamangadi, ndalamayi asunge, msewu ndi waulere. Kwa amene wayambapo n'kusiya, kuyambanso n'kusiyanso, gulu ndi lothandiza kwambiri, bola likhale lapafupi ndi kwanu loti mukhoza kuyenda wapansi, chifukwa lofuna galimoto limafa tsiku limene mafuta asowa. Musanalipire, pemphani kukaonerera tsiku limodzi, ndipo maso anu akhale kumzere wa kumbuyo, muone mmene a kochi amachitira ndi munthu amene watopa.

Ifeyo tagwirizana zokonzekera mpikisano wa Be More Race umene a Standard Bank amachititsa kuno ku Lilongwe, womwe umakhala ndi mitunda ya makilomita 5, 10 ndi 21. Ine ndikufuna wa makilomita 10. A kochi avomeranso kuti kuyambira mwezi wa mawa Lachitatu tizigawidwa pawiri, oyamba kumene paokha ndi wowathandiza wawo, ndipo ndapempha amene ali ndi nambala ya bambo aja kuti awaimbire awauze.