Miyezi 13 tikukhala m'ngalawa ya matanga pakati pa Nosy Be ndi Tanga

Kumapeto kwa Okutobala 2024, titangotha miyezi itatu tikukhala m'ngalawa yathu ya matanga, ndinalemba maganizo anga oyamba ndipo ndinayamikira kwambiri zinthu ziwiri, zomwe ndi mmene ngalawayo imathamangira ngakhale kamphepo kakhale kochepa, ndiponso mmene chipinda chake chogona chinakonzedwera. Pa nthawiyo tinali tisanatuluke m'madzi abata ozungulira Nosy Be, chilumba cha kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar, ndipo tinali tisanalawe mvula ya dzinja, kutentha kwa mu Febuluwale, kapena usiku umene nangula amalephera kugwira. Tsopano yakwana miyezi 13, tafika ku Mayotte, chilumba cha pakati pa Madagascar ndi Mozambique, tagonera dzinja ku Tanga m'dziko la Tanzania, ndipo tabwereranso kuno ku Nosy Be. Zimene ndinayamikira zija n'zoona ndithu, koma ndaona kuti si zimene zimachititsa munthu kugona tulo kapena kuchezera usiku wonse m'ngalawa.

Kwa amene sanawerenge zoyambazo, ngalawa yathu ndi ya mamita 11 m'litali, ya fibreglass, ya mlongoti umodzi, yopangidwa ku South Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo imamira mamita 1.7 pansi pa madzi. Ili ndi injini yaing'ono ya dizilo yothandizira mphepo ikaleka. Tinaigula ku Crater Bay, doko la pa Nosy Be, kwa munthu wina amene anali atatopa ndi maulendo, ndipo timakhalamo awiri, ine ndi akazi anga. Ine ndinakulira ku Nkhotakota ndipo ndagwira ntchito yokonza mainjini a dizilo ku Durban kwa zaka zambiri, zomwe zandithandiza kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndiyambe ndi nangula, chifukwa ndi amene anandiphunzitsa kwambiri. Pa masiku khumi alionse, mwina timayenda masiku awiri okha, ndipo masiku ena onsewo ngalawa imakhala itaima pa nangula, zomwe zikutanthauza kuti nyumba yathu yonse, katundu yense ndi moyo wathu womwe zimadalira chitsulo chimodzi ndi unyolo wake. Kwathu ku nyanja ya Malawi madzi amakwera ndi kutsika motsatira nyengo za pachaka, koma kuno nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyana kwake kumayandikira mamita anayi. Munthu akaponya nangula pa mamita 6 madzi ataphwa, pakati pa usiku amapezeka ali pa mamita 10, ndipo unyolo umene unkaoneka wokwanira masana umakhala wafupika. Amalinyero amalangiza kuti unyolo uzikhala wautali kanayi kapena kasanu kuyerekeza ndi kuya kwa madzi akadzaza, ndipo ine malangizo amenewa ndinkawadziwa, koma ndinkawerengera kuya kwa pa nthawi yoponyayo.

Ndinazindikira kulakwitsa kwanga ku Nosy Mitsio, tizilumba ta kumpoto kwa Nosy Be, usiku wina wa mu Julayi 2025. Dera limeneli lili ndi mphepo ziwiri zimene anthu a kuno amazidziwa ndi mayina: talio, yochokera kunyanja chakumadzulo, imene imayamba masana, ndi varatraza, yochokera kumtunda chakum'mawa, imene nthawi zina imabwera usiku mwamphamvu. Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi phokoso limene sindidzaliiwala, kukhukhuluza kwa unyolo pansi pa madzi, kumene kumamveka m'thupi lonse la ngalawa ngati wina akukoka khasu pamwala. Nditawalitsa tochi ndinaona kuti bwato la asodzi limene madzulo linali kumbuyo kwathu tsopano lili pambali, ndipo mafunde anali kusweka pa matanthwe patali pang'ono. Akazi anga analiza injini ndi kugwira chiwongolero, ine ndinapita kutsogolo kukakweza nangula mvumbi wa madzi amchere ukundimenya kumaso, ndipo atatuluka ananyamula mulu wa udzu wa pansi pa nyanja umene unamulepheretsa kuloŵa mumchenga. Tinaponyanso pa malo a mchenga woyera ndi unyolo wa mamita 50, ndipo tinakhala panja mpaka kunja kunacha.

Nangula wakaleyo, wooneka ngati pulawo, tinamusandutsa wongoyembekezera, ndipo tinagula wa makilogalamu 20 wa mtundu watsopano wokhala ndi nsonga yakuthwa ndi chitsulo chozungulira pamwamba chimene chimamutembenuza kuti aloŵe pansi. Chigulireni sanakokepo. Ngakhale zili choncho, ndinayamba chizoloŵezi chimene sindichisiya: madzi akakhala oyera ndimasambira ndi magalasi kukaona ndi maso anga mmene nangula wakhalira, ndipo ndimapewa kumuponya pa miyala ya korali, chifukwa unyolo umaphwanya zamoyo zimene zinatenga zaka zambiri kuti zikule, komanso umatha kukodwa moti sungatuluke.

Chachiŵiri ndi madzi akumwa. Thanki yathu imasunga malita 300, ndipo tikasamala kwambiri, potsukira mbale madzi amchere kenako n'kutsukuluza ndi abwino pang'ono, timagwiritsa ntchito malita pafupifupi 15 pa tsiku. Ngalawa inabwera ndi makina ochotsa mchere m'madzi, amene amakankha madzi a m'nyanja mwamphamvu kwambiri kudutsa m'kansalu kapadera kosalola mchere kudutsa. M'maganizo anga oyamba ndinawatchula kuti ndi chuma chenicheni cha ngalawayi, ndipo lero ndikunena mosamala kuposa pamenepo. Makinawa amagwira bwino ntchito pa madzi oyera monga a ku Nosy Iranja, koma pafupi ndi mitsinje monga Baramahamay, kumene anthu amabwera ndi uchi kudzagulitsa, madzi amakhala ndi matope ndipo masefa amatsekeka tsiku limodzi. Akakhala masiku angapo osagwiritsidwa ntchito komanso osatsukidwa ndi madzi abwino, mkati mumamera tizilombo ndipo madzi amatuluka akununkha ngati mazira oola. Amadyanso magetsi ambiri. Chimene chinatipulumutsa m'dzinja ndi chinsalu chotchinga dzuŵa chimene akazi anga anachisokera kapaipi pakati, moti mvula yamphamvu ya ola limodzi inkadzaza zigubu zinayi. Ndikanakhala kuti ndikugula ngalawa lero, sindikanawonjezera ndalama zambiri chifukwa cha makina amenewa, koma ndikanafunsa kaye kukula kwa thanki.

Za magetsi ndinene mwachidule. Mapanelo a sola a mawati 400 amakwanira bwino nyali, wailesi yolankhulirana ndi ngalawa zina, foni ndi makina osonyeza njira, koma firiji yokha imadya kuposa zonsezi pamodzi, makamaka m'miyezi yotentha. Mabatire amene tinawapeza anafooka mu Febuluwale ku Tanga, ndipo titasintha ndinawonjezeranso zotchingira kutentha kuzungulira firiji, zomwe zinathandiza kuposa kugula panelo lina.

Mdani amene sindinamuwerengere n'komwe ndi mchere pamodzi ndi dzuŵa. Munthu wa ku nyanja ya madzi abwino sangamvetse msanga mmene mchere umadyera chitsulo: sipanala yoiŵalika panja usiku umodzi imadzuka yofiira ndi dzimbiri, mawaya a magetsi amasanduka obiriŵira mkati mwa chikopa chake, ndipo zipi iliyonse imauma. Dzuŵa nalo limaotcha ulusi wosokera matanga, kotero kuti nsalu imaoneka yolimba pamene msoko wafumbwa kale. Thanga lathu lakutsogolo linasomoka msoko wa mamita aŵiri pa ulendo wochokera ku Mayotte, ndipo tinalisoka pamanja masiku atatu. Pansi pa ngalawa, m'madzi ofunda ngati ano, tinkhono tomatirira ndi ndere zimamera mofulumira, ndipo utoto wozitchinga umene wogulitsa anati ndi watsopano unali utatha mphamvu pa miyezi isanu ndi itatu. Masabata aŵiri alionse ndimaloŵa m'madzi ndi chopalira, ndipo ndikachedwa ngalawa imayenda mwaulesi ndipo injini imamwa dizilo wambiri. M'nyengo ya mvula chuku chinagwira zovala, mabuku ndi denga la chipinda chimene ndinachitama chija, ndipo viniga ndi amene anatithandiza kuchichotsa.

Injini yokha sinandikhumudwitse, ndipo pano ndikulankhula monga munthu wa ntchito yake. Ndi yakale, ilibe kompyuta, ndipo chilichonse chimafikirika ndi dzanja. Mavuto aŵiri amene inandipatsa sanali ake: dizilo wogula m'zigubu amene anali ndi madzi ndi zinyalala, ndi kampira kopopa madzi oziziritsa kamene kanathothoka mapiko titayamwa udzu. Tsopano dizilo yense ndimamusefa asanaloŵe m'thanki, ndipo timipira totere ndimasunga titatu. Amene sadziŵa kusintha sefa ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo aphunzire asanagule ngalawa, chifukwa pa zilumba zambiri palibe makaniko woti n'kumuitana.

Pa nkhani ya kayendedwe ka ngalawa panyanja yaikulu, chiyamikiro changa chakula. Nyengo ya anamondwe m'dera lino imayamba mu Novembala mpaka mu Epulo, n'chifukwa chake tinanyamuka kumayambiriro kwa Novembala kupita ku Mayotte, ulendo wa masiku aŵiri, kenako ku Tanga, kumene anamondwe safikako kaŵirikaŵiri. Mayotte ndi gawo la France, choncho ife a pasipoti ya Malawi tinayenera kukonzeratu chitupa choloŵera tisananyamuke. Pa 14 Disembala 2024 namondwe Chido anasakaza chilumba chimenechi, tsiku lotsatira anagwera kufupi ndi mzinda wa Pemba ku Mozambique, ndipo anafika mpaka kwathu ku Malawi. Tinamva nkhaniyi tili ku Tanga, patangopita masabata atatu chichokereni pa malo amene tinaima ku Dzaoudzi, ku Mayotte komweko, ndipo tsiku limenelo sitinalankhulane zambiri, poganizira anthu amene anatigulitsa zipatso ndi kutithandiza kutunga madzi kumeneko. Kuchokera pamenepo sindikangananso ndi kalendala, ngakhale malo akome bwanji.

Ulendo wobwerera ndiwo unayesa ngalawa kwenikweni. Kuyambira mu Epulo ku gombe la Tanzania kumaomba kusi, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imabwera nyengo imodzi ndi mwera wa kwathu, ndipo madzi a m'mbali mwa gombelo amathamangira kumpoto, kotero kuti wopita kum'mwera amalimbana ndi zonse ziŵiri. Tinatsika pang'onopang'ono kudzera ku Zanzibar ndi Mafia mpaka ku Mikindani, kum'mwera kwa Tanzania, tikudikira masiku amene mphepo yafatsa, kenako tinawoloka. Ngalawa inapendekeka masiku anayi, madzi ankadutsa pamwamba, koma sinachite mantha ndi funde lililonse ndipo palibe chinathyoka. Tinkasinthana maola atatu atatu pa ulonda, ndipo akazi anga, amene masiku aŵiri oyamba a ulendo uliwonse amadwala chizungulire ndi mseru, sanaphonyepo nthaŵi yawo. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake ngalawa yaing'ono ndi yabwino kwa anthu aŵiri a msinkhu wathu: munthu mmodzi amatha kuchepetsa thanga yekha usiku popanda kudzutsa mnzake.

Zakudya sizinativute monga tinkaopera. Ku Madagascar chakudya chenicheni ndi mpunga, ndipo ufa wa nsima umasoŵa, choncho ku Tanga tinagula sembe, womwe ndi ufa woyera, ndi dona, womwe ndi mgaiwa, n'kuusunga m'mabotolo otseka bwino poopa anankafumbwe. Asodzi a mtundu wa Sakalava amabwera m'maŵa ndi mabwato awo okhala ndi mtengo wothandizira pambali, amene iwo amawatcha lakana ndipo ku Tanzania amawatcha ngalawa, ndipo amabweretsa nsomba, nkhanu ndi nthochi, nthaŵi zina n'kupempha mbedza kapena chingwe m'malo mwa ndalama ya ariary. Taphunzira kufunsa za fady, zomwe ndi zoletsa za makolo, tisanaponde pa chilumba chachilendo, ndipo kwa ife amene tinaleredwa kulemekeza manda ndi malo a mizimu, zimenezi sizinali zovuta kuzimvetsa. Madzulo ena ku Nosy Sakatia, akamba a m'nyanja akutulutsa mitu kudzapuma pafupi ndi ngalawa, nsima ili pamoto, ndimaona kuti sitinalakwitse kusiya nyumba ya ku Durban, ngakhale kusoŵa adzukulu kumapweteka ndipo intaneti ya pafoni imapezeka pafupi ndi midzi ikuluikulu yokha.

Ngalawa imeneyi ndikhoza kuigulanso, koma ndikanayamba ndi kusintha nangula, mabatire ndi ulusi wa matanga ndisanachoke pa doko, ndipo ndikanapatula ndalama zokonzera zinthu mwezi uliwonse monga mmene munthu amapatulira za lendi. Sabata yamaŵa, mwezi ukakhala wathunthu ndipo madzi akaphwa kwambiri, tidzaitsamiritsa pa malo oumitsira ngalawa ku Crater Bay kuti tipale pansi pake, tipake utoto watsopano ndi kusintha tizitsulo ta zinki toteteza shafiti ku dzimbiri, popeza Novembala sali kutali ndipo tiyenera kukhala titawolokanso anamondwe asanayambe.