Timafiriji ting'onoting'ono: ka fani, ka kompresa, kapena ka zitseko ziwiri?

Inu a m'chipinda chimodzi cha lendi ndi inu a ku hositelo, m'shopu mudzapeza timafiriji tofanana kunja, koma m'kati mwake tosiyana kotheratu.

Totchipa kwambiri nthawi zambiri timakhala ta thermoelectric. Tilibe kompresa (kainjini kopopa gasi woziziritsa), tili ndi kachipangizo ka Peltier, kamene kamazizira mbali imodzi magetsi akadutsamo, ndi kafani basi, ndipo timatsitsa kutentha ndi madigiri 15 mpaka 20 kuchoka pa mmene m'chipindamo mukutenthera. Ku Dedza mu June zimenezi zikwanira. Koma ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu October, kunja kukafika 40, m'kati mwake mukhala pa 20 kapena kuposa, pomwe nyama ndi mkaka zimafuna 5 kutsika m'munsi. Ndi koziziritsira zakumwa, osati kosungira ndiwo. Komanso kamayaka kosapuma, mayunitsi n'kumangopita.

Ka kompresa ndiko firiji yeniyeni. Kamalira kanthawi, n'kukhala chete, n'kuyambanso. Musanatulutse ndalama, werengani kachikwangwani kakumbuyo. Pali chilembo chosonyeza nyengo imene kanapangidwira: N sikapirira kutentha kopitirira 32, ST kamafika 38, T kamafika 43. Kwathu kuno tengani T, kapena ST ngati muli kumapiri. Ogulitsa sakonda kutchula zimenezi, mwina eni akewo sanaziwerengepo.

Pa ta kompresa pomwepo pali mkangano wina. Ka chitseko chimodzi, ka malita 45 kapena 90, kali ndi kabokosi ka ayezi m'kati, ndipo nthawi zambiri kamangofika pa -6, kuzizira kumene amakusonyeza ndi chizindikiro cha nyenyezi imodzi. Nyama ya mawa ikhala bwino, ya mwezi wathunthu ayi. Ayezi amaundana mpaka kachitseko ka bokosilo kukana kutseka, ndiye muzikazimitsa kuti asungunuke okha. Musakande ndi mpeni: mukaboola paipi, gasi wa R600a atuluka, ndipo gasi ameneyu amayaka moto.

Ka zitseko ziwiri n'kokwererapo mtengo ndipo kamadya malo, koma firiza yake nthawi zambiri imafika pa -18, nyenyezi zitatu. Magetsi akazima, nkhuku youma gwa ija imapirira maola ambiri, makamaka mukaika mabotolo a madzi oundana pambali pake. Kwa ine, amene amaphika yekha asankhe kameneka. Ka chitseko chimodzi kasiyireni a muofesi.

Kumudzi kopanda magetsi kuli ka gasi, kachete koma kochedwa kuzizira, kofuna pansi posapendekeka. Amene ali ndi sola angachite bwino ndi ka kompresa ka 12V.

Kalikonse ka kompresa mungagule, onjezani fridge guard, imene imadikira mphindi zingapo magetsi akabwerera isanayatse firiji. Ndipo ngati kabwera kogona pa galimoto kapena pa njinga, kaimikeni maola angapo musanakalumikize, mafuta a mu kompresa abwerere m'malo mwake.