Mpunga, silica gel kapena kabati yamagetsi: zimene ndaona posunga malenzi ku Zomba kuno

Chiyambireni chiperoni, anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi: achimwene, kamera mumaisunga bwanji kuti isachite chuku? Wachitatuyo anabwera ndi lenzi m'manja. Titaiunika ndi tochi ya foni, tinaona timizere toyera mkati mwa galasi, ngati ukonde wa kangaude. Ndiye ndiyankhe kamodzi pano, ndisamangobwereza pa WhatsApp.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo akwati ambiri masiku ano amafuna zithunzi za kuphiri: pa damu la Mulunguzi, pa mathithi a Williams, olimba mtima mpaka ku Chingwe's Hole. Pamwambapo malo ena amapitirira mamita 2,000, ndipo nkhungu imakupeza usanamalize n'komwe kuimika mkwatibwi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, ikangotha kumalowa chiperoni cha Juni ndi Julayi. Chuku chimakonda chinyezi chopitirira 60 kapena 70 peresenti, mdima, ndi mpweya wosayenda. Chikwama cha kamera chotseka, choikidwa m'wadirobu pafupi ndi nsapato, chimakhala nazo zonsezi.

Ena amati ikani mpunga pafupi ndi kamera kuti uziyamwa chinyezi. Mpunga phikani mudye. Umayamwa chinyezi pang'ono kwambiri, ndipo kafumbi kake kamalowa m'mipata ya zoom. Timapaketi ta silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ta m'bokosi la nsapato tija natonso n'chimodzimodzi: timafika kwa inu titakhuta kale.

Chimene chinandiwawa ine ndi kachidebe kena kamene ndinagula m'sitolo ina ku Blantyre, kokhala ndi timiyala toyera pamwamba ndi malo opanda kanthu pansi. Wogulitsa anati, "Bwana, ndi silica gel yomweyo, kungoti iyi ndi yamphamvu." Pa mphamvupo sananame. Timiyala timeneto ndi calcium chloride, mchere womwe umakoka madzi mumpweya mpaka iwo eni n'kusungunuka. Malo opanda kanthu aja ndi oti madzi amcherewo azigweramo. Izi sanandiuze, nanenso sindinawerenge, ndiye tigawane mlanduwo.

Ndinakaika m'bigili limodzi ndi kamera ndi malenzi awiri, n'kutseka. Kwa milungu ingapo zonse zinali bwino, ndinkachita kunyadira. Loweruka lina m'bandakucha, ndikuthamangira ukwati, ndinanyamula bigili lonse n'kuliika kumbuyo kwa galimoto. Amene mumaudziwa msewu wokwera ku Ku Chawe, mukudziwa mmene makona ake alili. Titafika pamwamba, ndinapeza kachidebe kali chafufumimba, lenzi yanga ya 50mm itakhala m'timadzi toterera ngati therere. Ndinapukuta, ndinajambula ukwatiwo ndi lenzi inayo, koma madzi amenewo sauma. Amakokabe chinyezi pamene atsalira. Patapita sabata, timasikuluu ta kumbuyo kwa lenzi tinachita dzimbiri, timapini tolumikizira ku kamera tinasintha mtundu, ndipo autofocus, ija imachititsa kuti lenzi izidzikonza yokha chithunzi chioneke bwino, inayamba kusakasaka ngati munthu wataya ndalama mumdima. Lenzi imeneyo ndi imene ndinayambira nayo ntchito. Pano ili pa shelefu, ndimangoiyang'ana. Kachidebe kotereka n'kabwino m'wadirobu ya zovala, koma pafupi ndi kamera yanga sikadzafikanso, ngakhale andipatse kaulere.

Kabati yamagetsi, imene anzathu amati dry cabinet, ndi yabwino, sindikana. Umaika nambala ya chinyezi imene ukufuna, basi waiwalako, ndipo sidya magetsi ambiri. Vuto ndi njira yake. Kuno siipezeka wambawamba, ndiye uiitanitse ku Johannesburg kapena kutali, ndipo mtengo umene waona pa intaneti ndi chiyambi chabe: thiransipoti ya chinthu cholemera chokhala ndi chitseko cha galasi, msonkho wa pachipata, zonse zikukudikira. Magetsi akazima imasunga kuuma kwa kanthawi ngati sukutsegula, koma wojambula amatsegula. Amene ali ndi situdiyo ndi malenzi asanu ndi limodzi agule. Ine ndinawerengetsera n'kusiya.

Chimene ndakhala nacho mpaka lero ndi kontena ya pulasitiki yokhala ndi labala pa chivindikiro, silica gel yeniyeni yosintha mtundu, ndi kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, kotchipa kokhala ngati wotchi. Silica gel siisungunuka. Ikakhuta imangosintha maonekedwe. Ya olenji imasanduka yobiriwira, ya buluu imasanduka pinki. Ine ndimafuna singano izikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Ikafika 55 ndimadziwa kuti nthawi yokazinga yakwana. Mu uvuni ndi pa madigiri 120 kwa maola angapo. Magetsi kulibe, ndimaikazinga pa mbaula makala atatsala pang'ono kuzima, m'chiwaya chakale chimene sitiphikiranso, ndikutakasa pang'onopang'ono ngati mtedza. Moto ukachuluka imapsa ndipo siisinthanso mtundu. Ikabwerera mtundu wake, ndimaithira m'botolo lagalasi lotseka kuti izizirire momwemo. Ntchito ilipo, makamaka mu Januwale pamene ndimakazinga pafupipafupi, koma sinandiwonongerepo kanthu. Chikwama ndi lamba wa kamera sizilowa m'kontenamo, chifukwa nsalu ndi imene imabwera ndi chinyezi cha kuphiri.

Palinso thukuta la lenzi. Galasi likazizira pamwamba paja, kenako n'kukumana ndi mpweya wofunda wa m'galimoto kapena wa m'tauni, limachita mame, kunja ndi mkati momwe. Ndiye ndisanatsike ndimaika kamera m'jumbo ya zipi, n'kutulutsa mpweya, ndipo ndikafika kunyumba sinditsegula mpaka patapita ola. Mamewo amagwira jumbo. Kusintha lenzi pakati pa nkhungu ndinasiya kalekale.

Za kupukuta, ndaona zodabwitsa pa maukwati: nsonga ya chitenje, tayi ya mkwati, tishu, sanitayiza, ngakhale spiriti yapepo ija ya ku famase. Sanitayiza ili ndi glycerine, imasiya mafuta. Spiriti imasiya utoto wake. Chitenje ndi malaya zimasunga timchenga, ndipo kamchenga kamodzi n'kokwanira kukanda coating, kachikuto kopyapyala ka pamwamba pa galasi. Ine ndimayamba ndi kampira kopemerera fumbi, lenzi itayang'ana pansi, kenako kaburashi kofewa. Pakatsala chizindikiro cha chala kapena madontho ouma a pa mathithi, ndimadontheza madzi opukutira malenzi pa kansalu ka microfiber, osati pa galasi, n'kupukuta mozungulira kuchokera pakati kupita m'mbali. Timapepala tonyowa topukutira magalasi a maso ndi tabwino kuthengo, bola uyambe wachotsa fumbi. Pa Williams ndimaikiratu fyuluta ya UV, kagalasi kotchingira lenzi, kutsogolo, kuti chopukutidwa kambirimbiri chikhale fyulutayo.

Lenzi ya mnzanga wachitatu uja ndinamuuza kuti asaiyandikize kwa zinzake, ndipo kupukuta kunja sikungathandize chifukwa chuku chili mkati. Chikakhalitsa chimadya coating, chipsera chake n'kukhala mpaka kalekale. Watenga kupita nayo kwa wokonza makamera ku Limbe kuti akaitsegule, ndipo pobwera ndamutuma silica gel ya olenji, theka la kilogalamu.