Kalata ya dokotala ikakupezani pakhomo ku England

Abale, kuno ku England wodwala sayenda ndi kabuku ka kuchipatala. Dokotala wanu wa masiku onse, amene amamutcha GP, akakutumizani kwa katswiri, katswiriyo akakuonani amalembera GP uja kalata. Inunso nthawi zambiri mumalandira yanu, pa positi kapena pa NHS App, pulogalamu ya pafoni ya NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma. Boma linalonjeza zimenezi mu NHS Plan ya 2000, ndipo mu 2018 bungwe la Academy of Medical Royal Colleges linalangiza madokotala kuti kalatayo azilembera wodwala mwiniwake, m'mawu osavuta.

Odwala ambiri amasangalala nayo, ndipo n'zomveka. Zimene dokotala wakuuza mtima uli m'mwamba umaziiwala usanafike n'kunyumba komwe, koma kalata imasunga dzina la matenda, mankhwala, mlingo wake ndi nthawi yobwereranso.

Chimene chimasowetsa anthu tulo ndi mawu ake. "Negative" si tsoka ayi, ndiye kuti chimene amafufuzacho sanachipeze. "Chronic" ndi matenda okhalitsa, osati oti munthu watsala madzi amodzi. Pa mankhwala, od ndi kamodzi pa tsiku, bd kawiri, tds katatu. Ena safuna n'komwe kumva za matenda aakulu papepala ali okhaokha. Amenewa angouza achipatala kuti asawatumizire, ndi ufulu wawo.

Kwa ife obwera, nkhani yaikulu ndi chinsinsi. Ambirife timachita lendi nyumba imodzi ndi anthu achilendo, makalata onse n'kumagwera pa chitseko chimodzi. Kalata yonena za HIV, za mimba kapena za matenda a maganizo ikatsegulidwa ndi wina, nkhaniyo siibwezeka. Mukasamuka, sinthani adiresi kwa GP komanso ku chipatala chachikulu, chifukwa kusintha kumodzi sikuti nthawi zonse kumafika kwinako.

Kalata ikafika, iwerengeni tsiku lomwelo. Yang'anani dzina, tsiku lobadwa ndi nambala yanu ya NHS ya manambala 10, kenaka yerekezani mlingo wolembedwawo ndi umene uli pa bokosi la mankhwala. Onaninso ngati alemba mankhwala amene thupi lanu limadana nawo. Pakalakwika, imbirani mlembi wa katswiriyo pa nambala imene ili pa kalatapo, GP asanalembe mankhwala olakwika.

Muziwasunga makalatawa mu envulopu imodzi. Mukadwala muli kumudzi pa tchuthi, dokotala wakumeneko sangathe kuona kompyuta ya NHS. Adzadalira pepala limene mwanyamulalo.