Wekishopu, wailesi, foni kapena VDC: mawu anu angafike pa mapu kudzera kuti?

Chiyambireni anthu a zipewa ndi timakina toyezera malo kuyendayenda kwathu kuno, foni yanga sikupuma. Poti ndinakhalapo mlembi wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, aliyense akuyesa kuti ndikudziwa khomo logogoda. "Achimwene, akuti msewu udzadutsa m'dimba mwathu, tikanene kuti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano kamodzi. Njira zinayi zonsezi ndinaziyenda ndekha, ndipo imodzi inandiwotcha.

Musayese nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni okha. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ali ndi nsanamira zitatu, ndipo imodzi ndi yokulitsa matauni. Malo asanu ndi atatu anasankhidwa kale kuti adzakhale mizinda: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Komanso lamulo la mapulani a malo la 2016 linaika dziko lonse pansi pa pulani, osati matauni okha ngati kale. Ndiye dambo lomwe mukudyetsako mbuzi lero, wina atha kulipaka utoto pa mapu n'kulitcha malo a mafakitale, inu muli kumunda.

Wailesi ndiyofika patali kuposa zonse, ndipo pa wailesi za m'madera mumayankhula chilankhulo chanu mosachita manyazi. Ndinaimbapo kawiri. Ulendo woyamba mayunitsi anathera pa kudikira, wachiwiri ndinanena yanga, mlendo wa mu situdiyo n'kuti "mfundo yabwino kwambiri imeneyo bambo", nyimbo n'kulowa. Palibe amene analemba. Ndi yabwino pofuna kumva kuti chikubwera n'chiyani, basi.

Facebook ndi WhatsApp n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko mumalipira bandulo kuti mukangane ndi msuweni wanu wa ku Johannesburg za malo omwe sanawapondepo zaka khumi. Amayi omwe amalimadi madimbawo mulibe m'magulumo. Chomwe ndimaikondera foni ndi kamera: jambulani mapu aliwonse omwe mwaonetsedwa, adzakuthandizani.

Tsopano wekishopu ya kuhotela. Apa ndiye ndili ndi mangawa.

Bungwe lina lomwe sindilitchula linatiitana ine ndi a gulupu athu kuti tikapereke maganizo pa pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo m'dera lathu. Ndinadzuka tambala woyamba, kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi, ndalama yobwereka kwa mlamu wanga. M'thumba ndinali ndi pepala la mfundo zomwe anthu anandituma: manda akale, njira ya ng'ombe yopita kumtsinje, ndi dambo lomwe limadzaza madzi chaka chilichonse.

Pakhomo penipeni, tisanamve ndi liwu limodzi lomwe, mtsikana wina anatipatsa fomu. Dzina, mudzi, udindo, nambala ya foni, saini. Ndinasaina mosaganiza, poti anati ndi ya thiransipoti ndi nkhomaliro. Titalowa tinapeza mapu ali kale pakhoma, opaka bwinobwino, achikasu apa, ofiira apo, obiriwira uko. Mkulu wa tayi anayankhula Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka tiyi, womasulira akudumpha theka. A gulupu anandinong'oneza: "Iwe, kodi mudzi wathu ndi uti pamenepa?" Ndinaufufuza ndi maso, osaupeza. Mtsinje wokha ndi umene ndinauzindikira, ndipo dambo lathu lija linali lachikasu, kutanthauza nyumba zokhalamo anthu.

Nthawi ya mafunso anaisunga kumapeto, mpunga ndi nkhuku zitatikhuta, anthu akuyang'ana kale envulopu. Ndinaimika dzanja. Ndinanena za dambo, ndinakumbutsanso zomwe tinaona mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, kuti madzi sawerenga mapu. Anandiyankha kuti zamveka, ziunikidwa. Winawake analemba pa pepala lalikulu liwu limodzi lokha, "dambo", n'kulizunguliza.

Patapita miyezi ndinaona lipoti lake pa foni ya mnzanga wina. Mapu anali omwe aja, utoto womwe uja. Kumapeto kunali chithunzi cha fomu ija, dzina langa ndi saini yanga zili poyera, pansi pa mutu wonena kuti awa ndi anthu omwe anafunsidwa maganizo. Apo m'pamene ndinadziwa mtengo weniweni wa nkhuku ija. Alawansi inangokwana kubweza ngongole ya mlamu, koma saini yanga inasanduka umboni woti mudzi wathu unavomera. Kumudzi anthu anayamba kundiyang'ana ngati ndinawagulitsa, ndipo mayi wina anandifunsa pachitsime, mosaseka, kuti dambolo anandipatsa zingati. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi botolo lomwe.

Sindikuti wekishopu ilibe phindu. Ndi malo okhawo omwe mungamuone maso ndi maso wojambula mapuyo n'kutenga nambala yake. Mukaitanidwa pitani, koma funsani fomuyo ndi yachiyani musanasaine, ndipo mfundo zanu muzipereke zolemba, kope lina likhale lanu.

Ine mtima wanga uli ku VDC, ndipo sindibisa kuti ndimaikondera. Chiyambireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, njira yake ndi yodziwika: mudzi umapanga pulani yake, imapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo, komwe imalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonselo. Ndi yochedwa ngati kamba. Mavuto ake ndimawadziwa kuposa aliyense: a mfumu akayankhula koyamba enanu mumangowomba m'manja, achinyamata amaima kumbuyo ngati abwera kumaliro a eni, ndipo chaka cha chisankho komiti imanunkha chipani. Choipa kwambiri n'chakuti tinazolowera kupempha mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Za malo, zoti apa pasamangidwe, apa ndi podutsa ng'ombe, sitizitchula, timayesa n'zodziwikiratu.

Koma njira imeneyi imasiya pepala, ndipo pepalalo limakhala kwa inu. Nditabwerako kuhotela kuja tinaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo. Tinajambula mudzi pansi ndi ndodo, phulusa kukhala mtsinje, miyala kukhala manda, zitsotso za chimanga kukhala nyumba. Agogo ena omwe sadziwa kulemba dzina lawo anadzuka, n'kusuntha phulusalo ndi phazi, amvekere madzi a chaka chomwe anabadwa mwana wawo woyamba anafika apa, osati apo. Amuna awiri anatsutsa, amayi anawakuwiza, mzere unakhala pomwe anauika agogowo. Mphunzitsi wina anaukopera pa pepala, ine n'kulemba maminitsi, a gulupu n'kudinda. Makope atatu: lina ku ADC, lina kwa khansala, lina m'chikwama changa.

Musaiwalenso komiti ya malo ya kwa gulupu, yomwe lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa. Wapampando ndi a gulupu, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Ngati kwanu ilipo, mapu anuwo adutsenso kumeneko. Ndipo kuyambira 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga likugwira ntchito, choncho kupempha kuona pulani ya dera lanu mwa kalata si mwano.

Dambo lathu silinasinthe utoto pa mapu aja, ndisakunamizeni. Koma oyeza malo atabweranso, a gulupu anawatulutsira pepala lodinda lija, iwo n'kulijambula pa foni, n'kufunsa kuti agogo aja amakhala nyumba iti.