Tissot Le Locle Powermatic 80: ndemanga yanga patatha chaka ndi miyezi itatu ili pamkono

Wotchi iyi anandigulira ndi mwana wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ndinamutumizira ndalama pang'onopang'ono kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anabwera nayo pa Khrisimasi ili m'kabokosi kake pamodzi ndi mapepala. Cholinga chinali chakuti ndidzaivale pa ukwati wa mwana wanga wamkazi, komanso kuti ndikhale ndi chinthu chimodzi chodzigulira ndekha nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ndalama yake si yochepa, inali yokwanira matumba angapo a feteleza. Mayi a kunyumba atamva mtengo anandifunsa kuti, "Abambo, kodi foni yanuyo yasiya kunena nthawi?" Linali funso la nzeru, ndipo aliyense amene akuganiza zogula wotchi ya mtundu uwu adzifunse lomwelo asanatulutse ndalama.

Ndiyambe ndi maonekedwe, chifukwa ndi amene anandikoka. Yanga ndi ya nkhope yoyera mosakanikira ndi siliva, nambala zachiroma zakuda, ndi lamba wachikopa wakuda. Pazithunzi imaoneka ngati wotchi wamba. Muyenera kuiona m'mawa dzuwa likungotuluka. Ndikakhala pakhonde kuno ku Matawale ndikumwa tiyi, kuwala kukagwera pambali, pakati pa nkhope yake pamaoneka timizere tosemedwa topingasana, tating'onoting'ono, ngati malukidwe a lichero latsopano. Mukatembenuza dzanja pang'ono, mbali ina imada, ina n'kuwala. Mivi yake ndi yopyapyala kunsonga ndi kutsinde koma yonenepa pang'ono pakati, ngati tsamba la bulugama. Pa nambala 3 pali kazenera ka deti. Chapansi analembapo Le Locle m'zilembo zopendekeka, lomwe ndi dzina la tawuni ya ku Switzerland kumene kampani ya Tissot inayambira mu 1853. Basi, palibenso china. Palibe timabatani tambiri, palibe golide wochititsa khungu.

Kukula kwake ndi mamilimita 39 ndi pang'ono, ndipo ndi yopyapyala moti imalowa yokha pansi pa mkono wa malaya popanda kukodwa. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake mawotchi ovala ndi suti amawapanga chonchi. Sayenera kuyamba kulankhula mwini wake asanalankhule. Tsiku la ukwati lija, kutchalitchi, palibe amene anaiona mpaka pamene ndinatambasula dzanja kupatsana moni ndi ankhoswe a kuchimuna. Mkulu mmodzi anagwira dzanja langa osalisiya, anaweramira pamkono, n'kunena kuti, "Achimwene, iyi ndiye wotchi. Bambo anga anali ndi yofanana nayo nthawi ija Zomba ili likulu." Mawu amenewo anandigwira mtima. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma akuluakulu a kuno akukumbukirabe makalaliki a boma a nthawi imeneyo, malaya ositidwa bwino, tayi, ndi kawotchi kopyapyala kopukusa m'mawa uliwonse. Maonekedwe amenewa ndi akale ndithu. Kampani ya Patek Philippe inatulutsa wotchi yotchedwa Calatrava mu 1932, yozungulira, yosalala, yopanda zokometsera, ndipo mpaka lero mawotchi ambiri a suti amatsata njira yomweyo. Calatrava ine sindingaifike. Iyi ndiyo inali pa msinkhu wanga, ndipo mtima wake ndi womwewo.

Tsopano za mkati, zomwe anthu ambiri amandifunsa. Ilibe batire. Mukaitembenuza, kumbuyo kuli kazenera kagalasi, ndipo mumaona kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi. Dzanja likamayenda, kachitsuloko kamazungulira n'kumakunga sipuling'i ili mkati, ndipo sipuling'iyo pomasuka pang'onopang'ono ndiyo imayendetsa timawilo. Nzeru ya kachitsulo kozungulira mbali zonse kameneka anaitchukitsa ndi a Rolex mu 1931. Choncho mphamvu ya wotchi yanga imachokera pa ulendo wanga wa kumsika, pa kupalira maluwa, pa kuwomba m'manja kutchalitchi. Ikakungika mokwanira imatha kuyenda mpaka maola 80 ili patebulo. Ndinayesa ndekha: ndinaivula Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa ndinaipeza ikuyendabe, nthawi ili bwinobwino. Mawotchi ambiri a mtundu uwu amatha masiku awiri osakwana, ndiye apa ndikuipatsa ulemu wake.

Chimene ndimakonda kuposa zonse ndi muvi wa masekondi. Wa wotchi ya batire umadumpha kamodzi pa sekondi, kenaka n'kuima. Uwu umayenda timasitepe 6 pa sekondi imodzi, chifukwa mtima wake umagunda ka 21,600 pa ola, ndiye m'maso umaoneka ngati ukutsetsereka. Usiku kukakhala zii, agalu a m'mudzi atatopa kuuwa, mukaiika pakhutu mumamva kugunda kofulumira, kofewa, ngati mtima wa kamwana ka nkhuku mukakafumbata m'manja. Mdzukulu wanga wa zaka zisanu akabwera amalunjika padzanja langa: "Agogo, ndimvere." Amakhala duu, maso ali tong'o, kenaka amafuna ndiitembenuze kuti aone kachitsulo kaja kakuzungulira.

Koma pali zina zimene munthu ayenera kudziwa asanagule, ndipo si zolakwika za wotchiyi, ndi chikhalidwe cha mawotchi onse opanda batire. Choyamba, mukasiya kuyenda nayo imaima. M'mwezi wa Malichi malungo anandigwetsa, ndinagona masiku asanu wotchi ili pakabati. Nditadzuka ndinaipeza yaima, mivi italoza cha m'ma 4 koloko, deti ili m'mbuyo. Ndinamva chisoni chachilendo, ngati nayonso inadwala nane. Kuidzutsa sikovuta: mumapukusa kabatani kapambali maulendo makumi awiri kapena atatu mofatsa, muvi n'kuyambanso kuyenda. Chenjezo limene ndinapatsidwa ndipo ndimalitsata ndi lakuti deti musamaisinthe usiku kwambiri, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timawilo ta deti timakhala tagwirana kale. Ndipo mwezi ukathera pa 30, kapena Febuluwale akatha, deti mumaikankha nokha. Zimachitika kasanu pa chaka.

Chachiwiri ndi nthawi yeniyeniyo. Yanga imathamanga ndi masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Pa sabata ndi theka la mphindi kapena kupitirira pang'ono. Kwa wotchi yoyendera sipuling'i zimenezi ndi zabwino kwambiri, koma kawotchi ka batire ka pa msika kangaipose pa kulondola. Chimenecho ndi chilungamo. Chiyambire pamene kampani ya Seiko inatulutsa wotchi yapamkono ya quartz, yoyendera batire, mu 1969, palibe amene amagula ya sipuling'i pofuna kulondola kwa sekondi. Ine ndimaikonza Lamlungu lililonse m'mawa ndisanapite kutchalitchi, kuyerekeza ndi foni, ndipo kamwambo kameneka ndakazolowera moti ndimakayembekezera.

Za madzi samalani. Analemba kuti mamita 30, koma zimenezi sizitanthauza kuti mungasambire nayo ku Mulunguzi. Tanthauzo lake ndi madontho a posamba m'manja ndi kamvula kowaza. Tsiku lina tinakwera phiri ndi alendo ochokera ku Blantyre, ndipo titadutsa Ku Chawe nkhungu inatsika, mvula n'kukhuthuka monga imachitira kumtunda kuja. Ndinaivula msanga, ndinaikulunga m'kansalu n'kuiika m'thumba la mkati mwa jekete. Sinavutike. Kuphiri ndi kumunda tsopano ndimapita ndi wotchi ina yapulasitiki. Komanso mivi yake siwala mumdima, monga alili mawotchi ambiri a suti, ndiye magetsi akazima simungaone nthawi popanda tochi.

Galasi lake ndi la sapphire, lolimba losakandika msanga, ndipo patha chaka chonse lilibe kamzere ngakhale kamodzi, ngakhale ndinaligunditsa pachitseko cha minibasi ya ku Chinamwali. Chitsulo cha m'mbali, popeza ndi chopukutidwa ngati kalilole, chili ndi timikwingwirima tating'ono toonekera pafupi. Sindidandaula nato.

Chimene chinandivuta kwenikweni ndi lamba. Chikopa chilichonse sichigwirizana ndi thukuta la Okutobala wa kuno. Pofika Novembala, mkati mwake munali mutada ndipo munayamba kuuma. Ndinapita kwa agogo ena okonza mawotchi pafupi ndi msika waukulu, amene amakhala ndi kabokosi kagalasi kodzaza mabatire ndi malamba. Anayeza ndi kachitsulo kawo n'kupukusa mutu. Lamba wa wotchiyi ndi wa mamilimita 19, pamene iwo anali ndi a 18, 20 ndi 22 okha. Kenaka anavala kagalasi kawo ka diso limodzi, anaitembenuza, n'kuyang'anitsitsa kumbuyo kwa nthawi yaitali osalankhula. Ndinawafunsa ngati angathe kuichepetsa liwiro pang'ono. Anandibwezera ndi manja awiri. "Bambo, iyi musalole munthu aitsegule pano, ngakhale ineyo. Taonani fumbili. Komanso ilibe kachitsulo kaja timakankha pokonza liwiro, anaitchera kufakitale konko. Ikuyenda bwino, isiyeni." Sanandilipiritse kanthu. Munthu wina akanangoitsegula kuti apeze ya chimanga, ndipo ndimawathokoza agogo amenewa mpaka lero.

Mawu awo akuloza vuto lalikulu kwa ife a kuno. Wotchi ya mtundu uwu imafuna kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka zingapo, ndipo ntchito imeneyo imafuna zida zake ndi malo opanda fumbi. Yanga nthawi ikadzakwana ndidzaitumiza ndi mnyamata yemwe uja ku Johannesburg. Ngati mulibe mbale woyendayenda, ganizirani zimenezi musanagule. Gulaninso kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo muonetsetse kuti khadi la chitsimikizo cha zaka ziwiri ladindidwa, chifukwa mawotchi achinyengo onyamula mayina akuluakulu ndi ambiri, ena mpaka ali ndi kazenera kumbuyo.

Kwa amene amagwira ntchito ya manja padzuwa, kapena akufuna wotchi imodzi ya kumunda, kumaliro ndi kunyanja, iyi si yake. Kwa amene amavala malaya a manja aatali masiku ambiri, kuofesi, kukhothi, kukalasi kapena kuguwa, ndipo angakondwere kusamala kanthu kamene kamadalira dzanja lake kuti kakhale moyo, ndikuivomereza ndi mtima wonse. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi ndi theka, ndipo theka ndachotsalo ndi la kuvuta kwa lamba ndi okonza kuno kwathu.

Mayi a kunyumba aja, amene anafunsa za foni, ndi amene tsopano amandikumbutsa ndikaiiwala pakabati tsiku lachiwiri: "Abambo, valani wotchi yanu ingaime." Ndaitanitsa kale malamba awiri a mamilimita 19, wakuda ndi wabulauni, kuti ndizisinthanitsa nyengo yotentha, wina akamauma pamthunzi wina ali pamkono. Akubwera pa Khrisimasi ikubwerayi.